Thadzi ndi Anapiye a Mbaula

Pakhomo pa mayi wina dzina lake Nazimbiri pankakhala Thadzi ndi Tambala, nkhuku zachikuda zodzipezera zokha chakudya m'tchire ndi padzala. Thadzi anali wakuda bii, ndipo anali ndi chifundo chonyanya. Tambala anali wofiira, wooneka bwino, koma wosunga chakukhosi. Awiriwa sankakangana wambawamba, koma chaka chimene mvula inapeza chimanga chili pamkukwe, anayambana chifukwa cha ana a eni.

Mwezi umenewo Thadzi anali pachisoni. Anafungatira mazira masabata atatu, osadya mokhuta, osasamba m'fumbi, mpaka anaswa anapiye asanu ndi awiri. Mphamba anatola anayi, likongwe anamaliza atatu otsalawo. Thadzi anatsala akungozungulira pabwalo, akapeza chiswe n'kuitana mwachizolowezi, kenaka n'kukumbukira kuti palibe womuyankha.

Tsiku lina Nazimbiri anabwera kuchokera kutauni atasenza katoni yamabowo. M'katonimo munali anapiye makumi asanu a nkhuku zoyera zija amawetera nyama, zomwe zimakula m'masabata asanu ndi limodzi basi. Anawaika m'khola lanjerwa lokhala ndi waya kutsogolo, pansi atawazapo utuchi. Pakati anaika mbaula ya makala, naitchinga ndi njerwa kuti anapiyewo aziwotha osapsa.

Thadzi atamva kulira kwa anapiye, miyendo inamutengera yokha ku waya. Anasuzumira m'kati.

"Ana inu, mayi wanu ali kuti?" anafunsa.

Anayankha ndi mwanapiye wamkulu kuposa onse, amene anzake ankamutcha Mbee chifukwa nthenga zoyera zinayamba kumera pa iye. "Ife sitinabadwire pansi pa nkhuku. Anatiswa ndi makina, kutauni. Mayi wathu ndi awa," anatero akuloza mbaula ndi mlomo. "Amatifunditsa, ndipo satijompha."

"Nanga amakuphunzitsani kupalasa?"

"Kupalasa n'kwa osauka. Ife chakudya chathu chimabwera m'thumba. Ndipo tasunthani pang'ono, inu ndi ofiira ali kumbuyo kwanuwo. Mukununkha dzala, mungatidetse."

Thadzi anangoseka, pakuti mawu a mwana wa masiku atatu salemera. Koma Tambala, amene anaima kumbuyo ngati sakumva, anawameza mawuwo nawasunga. Tambala ameneyu ankakumbukira ngakhale galu yemwe anamuuwa chaka chatha, ndiye za kununkha dzala sakanaiwala. Kuyambira tsiku limenelo, akafuna kupita kumpanda ankazungulira kuseri kwa bafa kuti asadutse pakholapo.

Masabata awiri oyamba zinthu zinayenda bwino. Anapiye ankadya, kumwa, kugona, n'kudyanso, ndipo ankakula ngati maungu a pachulu. Mmodzi yekha ndiye ankatsalira, kamsoti kakang'ono kamene anzake ankakakankha pachodyera, mpaka dzina lake linangokhala Katsalira. Ameneyu ankakonda kukhala pafupi ndi waya, ndipo Thadzi akamadutsa ankamutsatira ndi maso.

Sabata lachitatu thumba la chakudya cha kusitolo linatha. Nazimbiri anayamba kusakaniza chake: gaga, soya wokazinga ndi fumbi la usipa. Nzeruyo inali yabwino, koma gagayo anachokera ku chimanga chija chinavumbwa pamkukwe, ndipo anali atachita chuku. Pamwamba pa thumba ankaoneka woyera bwinobwino, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Patangotha masiku atatu, m'khola munasintha. Anapiye anayamba kutsegula m'mimba, utuchi unanyowa, fungo likumveka mpaka kukhitchini. Ambiri anavala jekete, mapiko ali lende, mitu yozyolika. Mmawa wa tsiku lachinayi Nazimbiri anatulutsa awiri atauma, nakawakwirira kuseri kwa nkhokwe akupukusa mutu.

Thadzi anaona zonsezi ndipo zinamupweteka ngati ndi ake. Anatola gaga wina amene anatayikira kunja kwa waya, namulawa, ndipo anamuzindikira pomwepo. Mwezi wapitawo iyenso anadya chimanga chowola cha pamkukwe, m'mimba mukuchita kubangula. Chimene chinamupulumutsa chinali padzala.

Tsono padzala paja panali chuma chimene Nazimbiri mwiniwake sankachidziwa. Mayiyu ankaphikira zitsononkho, ndipo akaphula ankazima motowo ndi madzi, kuopa kuti mphepo ingaulutsire moto padenga laudzu. Zitsononkho zozimidwa choncho sizisanduka phulusa, zimatsala makala opepuka, ofewa, ofumbutuka ukangowajompha. Nkhuku zachikuda zinkadziwa kuyambira kwa makolo awo kuti m'mimba mukavuta, umapita padzala n'kukajompha timakala tiwiri titatu.

Thadzi anakapeza Tambala pansi pa mtengo wa mango. "Bambo, ana aja akudwala chuku. Tiyeni tiwatengere makala."

"Ana a ndani?"

"Ana ndi ana, bambo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Mnzanga ndi mbaulayo?" anatero Tambala akukonza nthenga za pakhosi. "Mayi wawo ali nawo makala odzaza mimba. Awapatse yekha. Ine ndimanunkha dzala, sindikufuna kudetsa mabwana."

Thadzi sanalimbane naye, pakuti ankadziwa kuti Tambala ukamukankha amakhala ngati chitsa. Anapita yekha padzala, nasankha khala lofewa la chitsononkho, kupewa mbali imene Nazimbiri ankawotcherako mapepala apulasitiki. Analinyamula kukamwa mpaka pa waya, naliphwanyaphwanya, n'kulowetsa tizidutswa m'mabowo. Kenaka anaitana monga mmene ankaitanira ana ake.

Mbee anabwera akudzikoka, koma mwano unali usanadwale. "Chimenechi n'chiyani?"

"Makala, mwanawe. Jompha pang'ono, m'mimba mukhala bata."

"Ife oyera tidye zakuda? Zinyalala za padzala? Anzanga, amene akhudze zimenezi asagone pafupi ndi ine." Anabwerera kukhoma, ndipo ambiri anamutsatira, chifukwa kumene kwapita wamkulu nkhuku sizifunsa.

Katsalira ndiye anatsala. Anali atafooka kuposa onse, maso ali phethiphethi, kumbuyo kutadetsedwa. Akulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo kamsotika kanali katamvadi. Kanayang'ana makalawo, kenaka kanayang'ana Thadzi.

"Kodi sawawa?"

"Sawawa, sakomanso. Si chakudya ayi, ndi tsache. Akalowa m'mimba amasesa zoipa zija, n'kutuluka nazo pamodzi. Jompha katatu basi, ukamwe madzi ambiri, ndipo pachodyera uzisankha soya ndi usipa, gagayo uzimusiya momwe ungathere."

Katsalira anajompha katatu, mlomo wake n'kuda ngati wa mwana wonyambita mwaye wa pamphika. Anapita kukamwa madzi, nagona pafupi ndi waya. Thadzi sanachoke, anakhala kunja kwake mpaka dzuwa linapendeka. Tsiku lotsatira kamsotika kanaimirira kokha, n'kuyenda mpaka pachodyera osagwa.

Anapiye ena ataona zimenezo anayamba kusendera, mmodzimmodzi, akuyang'anayang'ana ngati Mbee akuwaona. Pofika tsiku lachitatu analipo pafupifupi makumi awiri okhala mbali ya waya, onse milomo ili bii. Thadzi ankayenda maulendo osawerengeka pakati pa dzala ndi khola, mpaka panachita kanjira. Ankatopa, koma kwa nthawi yoyamba chitayireni ana ake, akaitana panali oyankha.

Lachitatu m'mawa Nazimbiri anamupezerera Thadzi pa waya. Mwanapiye wina wa mbali ya kukhoma anali atafanso, ndiye mayiyo mtima unali kale m'mwamba. Ataona nkhuku yachikuda ikulowetsa zinthu zakuda m'khola, anakumbukira zimene ogulitsa anamuuza pogula anapiyewo, kuti m'khola muzikhala mwaukhondo ndipo nkhuku za pabwalo zisamayandikire. Anawerengera ziwirizo n'kupeza yankho lolakwika.

"Kani ndiwe ukundiphera anapiye," anatero. Anasesa makala onse, nagwira Thadzi, n'kumumanga mwendo ndi nsanza ya chitenje pamwendo wa nkhokwe. "Apongozi akubwera Lamulungu. Ndimadandaula za ndiwo, koma yadzibweretsa yokha."

Musamuweruze msanga Nazimbiri. Anachita zimene ankaona kuti n'zoyenera, ndipo lamulo limene anakumbukira ndi labwino ndithu. Kulakwa kwake kunali koti anaona chakuda n'kuganiza kuti ndicho chadetsa, osayang'ana choyera chimene ankathira yekha m'chodyera. Tsiku lomwelo anathiramonso gaga yemwe uja, wodzaza beseni.

Thadzi anakoka nsanza mpaka mwendo unatupa, koma mfundo ya Nazimbiri inali ya munthu wodziwa kumanga nkhuni. Kuchokera pankhokwepo ankaliona khola bwinobwino. Ankaona Katsalira ndi anzake ataunjikana pa waya, akuyang'ana kanjira kochokera padzala. Za Lamulungu zinkamuopsa, sindingakunamizeni, koma chimene chinkamudya mtima kwambiri ndi maso a ana amenewo.

Lachinayi anapiye a milomo yakuda anayambanso kufooka, ndipo mbali ya Mbee kunafa awiri. Tambala anadutsa pankhokwe dzuwa lili pamutu, akuyenda pang'onopang'ono kuti afunsidwe maganizo. Thadzi sanamufunse, koma iye anayamba yekha.

"Ndinanena ine. Chifundo chako chakugulira mpeni."

"Munanenadi, bambo," anatero Thadzi. "Ine Lamulungu ndikupita. Chibwerereni pakhomo pano sindinakupempheni kanthu, lero ndikupempha chimodzi. Atengereni makala ana aja."

"Anandinyoza."

"Anakunyozani ndi mwana wa masiku atatu, wopanda womulangiza. Ndiye mlandu wake chilango chake ndi imfa? Ndipo enawo anakulakwirani chiyani?"

Tambala anayamba kupalasa pansi popanda chimene akufuna.

"Tsiku lililonse ndimakuonani," anapitiriza Thadzi motsitsa mawu. "Mukapeza chiwala mumachitola, n'kuchigwetsa, n'kuitana. Mumaitana ndani, bambo? Ana athu asanu ndi awiri aja anapita musanawatolere ngakhale nyerere. Apo pali ana makumi anayi ndi asanu amene angabwere mutaitana."

Tambala anatembenuka n'kuchoka. Thadzi anaganiza kuti mawu ake agwera pamwala, ndipo anabisa mutu m'phiko. Patapita kanthawi anamva phokoso padzala, fumbi likuchita kobo. Atadzutsa mutu anaona Tambala akuyenda m'kanjira kaja, khosi lili njo, khala lalikulu lili kukamwa.

"Sindikuchitira iwowo ayi," anatero Tambala podutsa, mawu akutuluka movutika chifukwa cha khalalo. "Ndangotopa ndi fungo."

"Ndamva, bambo. Muziphwanya tating'ono."

Tambala anagwira ntchito ya nkhuku zitatu. Mlomo wake unali wamphamvu, ndipo khala limene Thadzi ankalimbana nalo kanthawi iye ankangoligogoda kamodzi. Anapiye a pa waya anajompha, kumwa madzi, n'kuyamba kusuntha mapiko. A kukhoma nawo, ataona kuti anzawo akufa mbali yawo yokha, anayamba kuthawira ku waya osapempha chilolezo kwa wina aliyense.

Womaliza kubwera anali Mbee. Anabwera chokwawa, nthenga zoyera zija zitamatirira zitosi, mpaka anadzagwa pamapazi a Tambala, waya yekha atawalekanitsa. Tambala anali ndi khala kukamwa. Analiika pansi kunja kwa waya, n'kulipondapo.

"Likununkha dzala limeneli, bwana," anatero. "Lingakudetseni."

Thadzi pankhokwe paja ankaonerera zonsezi. Ankamudziwa mwamuna wake, ndipo ankadziwa kuti tsiku limeneli wakhala akuliyembekezera masabata atatu.

"Ndinalankhula zopusa, bambo," anatero Mbee ndi mawu ang'onoang'ono. "Onani mmene ndilili. Wonunkha ndine."

Tambala anamuyang'ana nthawi yaitali. Anali atakonza mawu ambiri a tsikuli, koma ataona kamwana kakunjenjemera, mawu onse anamuthawa. Anachotsa phazi, naphwanya khalalo, n'kulowetsa. Kenaka, osadziwa kuti akuchita chiyani, anaitana kamvekedwe kaja amaitanira atapeza chiwala.

Koma wodzikuza akatembenuka amatembenuka mopyola. Mbee atamva kuti m'mimba mwayamba kuzizira, anaganiza kuti ngati atatu athandiza, makumi atatu achiritsa lero lomwe. Lachisanu anameza makala onse amene anawapeza, ngakhale a anzake, chakudya osachiyang'ana. Pofika masana chithokomiro chinali gwa, mwiniwake atangokhala tong'o, akulephera kudya ndi kuchita chimbudzi komwe.

Katsalira anafuulira Thadzi kumuuza zimenezi. "Muuze amwe madzi, ndipo lero asakhudzenso khala," anayankha Thadzi. "Ndinati ndi tsache. Kodi munthu amakhuta tsache? Amene adya makala okhaokha amaonda, chifukwa amasesa ndi zabwino zomwe." Mbee anamwa madzi mwamanyazi, ndipo pofika madzulo zinamasuka.

Loweruka m'mawa Nazimbiri anatuluka ndi tsache kuti asese pabwalo, pokonzekera alendo. Anangoti maso pakhola, n'kuona Tambala akulowetsa makala pa waya. Anakweza tsache kuti amugende nalo, koma dzanja linaima m'malere.

"Nkhuku imodzi ikhoza kupenga," anadziyankhulira. "Koma ziwiri, misala yake yofanana?"

Anakhala panjerwa n'kuyamba kuonerera, chinthu chimene akanachita Lachitatu. Anaona anapiye akuthamangira makalawo, kujompha pang'ono, n'kupita kumadzi. Analowa m'khola nayamba kuwanyamula mmodzimmodzi. Amene milomo yawo inali yakuda kwambiri anali olemera m'manja, maso ali gwa, ndipo pamene ankagona utuchi unali wouma.

Pamenepo anakumbukira msonkhano wina wa pansi pa mtengo, pamene alangizi a zaulimi ananena kuti makala a zitsononkho, osinja bwino n'kusakaniza pang'ono m'chakudya, amathandiza m'mimba mwa nkhuku. Tsiku limenelo iye ndi anzake anaseka mpaka kugwirana mapewa. Alangizi omwewo anachenjezanso za gaga wa chimanga chovumbwa. Nazimbiri anathamangira m'nyumba, napisa dzanja mpaka pansi pa thumba, ndipo anatulutsa gaga woumbika, wobiriwira, wonunkha chinyontho.

Thadzi ankaona zonsezi ali pachingwe, koma sankamva zimene zinali m'mutu mwa mayiyo. Anamuona akukumba dzenje n'kukwiriramo gaga yense. Anamuona akutsuka zodyera, kuchotsa utuchi wonyowa, n'kupita kwa oyandikana nawo kukatenga gaga wouma. Kenaka anamuona akulowa m'khitchini, natuluka ndi mpeni, akulunjika kunkhokwe.

Thadzi anati basi, Lamulungu lafulumira. Anayang'ana kukhola komaliza, naona Katsalira ataimirira bwinobwino pa waya, ndipo anadziuza kuti sizinapite pachabe. Nazimbiri anagwada, namugwira mapiko ndi dzanja limodzi. Thadzi anatsinzina.

Mpeni unadula nsanza.

"Pita, mayi," anatero Nazimbiri akumusisita mwendo wotupawo. "Ine ndi maso anga awiri sindinaone chimene iwe unaona. Ndikanadya sing'anga."

Lamulungu apongozi anabwera, ndipo anadyera nkhwani wotendera. Atamva nkhani yonse anaseka, nati ndiwo zake zinali bwino, ngakhale maso awo ankapitapita pabwalo. Tambala, amene ankadziwa kuti mphika wokonzedwa sukonda kukhala wopanda kanthu, anaswera kutchire tsiku lonse. Anabwerako alendo atatsazika, akunena kuti anapita kukayendera malire.

Kuyambira pamenepo Nazimbiri sanadikirenso makala a padzala. Anakumba kadzenje, nawotchamo zitsononkho zoyera bwino zopanda zinyalala, ndipo zitafiira anazithira madzi zisanasanduke phulusa. Makalawo anawayanika, kuwasinja mumtondo, n'kuwasefa mpaka anakhala ngati ufa. Pa ndowa yodzaza chakudya ankathiramo manja awiri okha, n'kusakaniza mpaka chakudya chonse chitachita kotuwa.

Anapiye makumi anayi ndi asanu aja anachira onse. Zitosi zinauma, fungo linachepa, ndipo anayamba kulemera mpaka chodyera chinkaoneka chaching'ono. Katemera wa chitopa Nazimbiri anawapatsabe pa tsiku lake, pakuti makala ali ndi ntchito yawo ndipo katemera ali ndi yake. Thadzi sankafunikanso kunyamula kanthu, koma ankabwerabe pa waya m'mawa uliwonse, akutsimphina pang'ono.

Nthenga zitakwanira thupi lonse, Nazimbiri anaona kuti nkhukuzo sizikufunikanso moto. Analowa m'khola, nanyamula mbaula, n'kupita nayo kukhitchini kukaphikira nyemba. M'khola munagwa chisokonezo. Ena ankazungulira pamalo pamene panali mbaula, akulira kuti mayi awo atengedwa.

Mbee anawaleka alire pang'ono, kenaka anawadula. "Mayi wotani amene amanyamulidwa kukaphikira nyemba osatsazika? Tinkadwala ali pomwepa, makala ali m'mimba mwake, sanatipatse ndi limodzi lomwe." Anayenda mpaka pa waya, pamene Thadzi anakhala akuwotha dzuwa, Katsalira atatsamira mbali inayo. Mbee tsopano anali wamkulu kuposa Thadziyo, koma anafika ndi mutu wotsika.

"Tsiku loyamba munatifunsa kuti mayi wathu ali kuti," anatero. "Ndinayankha molakwa. Tafunsaninso."

Thadzi anaseka pang'ono, nafunsanso. "Ana inu, mayi wanu ali kuti?"

Nkhuku zonse makumi anayi ndi zisanu zinabwera, zikukankhana, n'kudzagona motsamira waya, pafupi ndi iye momwe zikanathera. Thadzi anatambasula mapiko ake akuda pa waya. Sakanakwanira kufunditsa ngakhale awiri, koma anawatambasulabe, ndipo chimwemwe chimene anamva chinaposa cha tsiku limene anaswa mazira ake.

Tambala anaima chapatali akuyang'ana kumwamba ngati akulondera mphamba. "Fumbi la makala limalowa m'maso," anatero, ngakhale palibe anamufunsa.

Nkhuku zoyera sizikhalitsa pakhomo, ndipo tsiku lawo la msika litakwana zinapita zili zonenepa ndi zathanzi, monga mwa ulendo wa mtundu wawo. Katsalira yekha Nazimbiri anamusunga, nati ameneyu ndiye anayamba kukhulupirira. Katoni ina yamabowo itabwera, Thadzi ndi Katsalira anakaima pa waya limodzi. Anapiye atsopanowo anayang'ana chakudya chotuwa m'chodyera n'kuyamba kunyinyirika, ndipo Katsalira anawauza kuti, "Idyani, ana inu. Mayi athu awa ndiwo anatiphunzitsa."

Phunziro: Usakane thandizo chifukwa chakuti labwera ndi wonyozeka kapena laoneka lakuda, chimene chinkapha anapiye chinali choyera, ndipo chimene chinawachiritsa chinachokera padzala. Mankhwala abwino amafunanso muyeso. Ndipo mayi wako weniweni ndi amene amavutika nawe pa tsiku la matenda.